Mawu a Alembi ndi Ojambula Tikawayesera pa Fort Lister

Msewu wochoka pa Phalombe kulowera ku Nkhulambe umadutsa pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Pampatapo boma la atsamunda linamangapo linga mu 1893, n'kulitcha Fort Lister potengera dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Linamangidwa kuti litseke njira ya amalonda a akapolo opita kugombe la Quelimane, ndipo patangotha zaka pafupifupi 10 linasiyidwa. Lero patsala zipupa zogumuka ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, yemwe anamwalira mu 1896, mbale wake wa mlembi uja Robert Louis Stevenson.

Malo amenewa ndi abwino kuyeserapo mawu omwe achinyamata olemba ndi ojambula akugwiritsa ntchito masiku ano, chifukwa mbiri yake ndi yoperewera. Mabuku a atsamunda anasunga maina a azungu ndi a mafumu omwe ankalimbana nawo, monga Mkanda ndi Matipwiri. Asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, amtengatenga, amene ankaphikira asilikaliwo, ndi anthu omwe ankadutsa pampatapo goli lili m'khosi, ambiri mwa amenewa sitiwadziwa maina. Wolemba mbiri akafika pamenepo amaima. Wopitirira ndi wopeka.

Kulemba amalemba aliyense. Komiti yachitukuko ili ndi mlembi, mpingo uli ndi mlembi, banki m'khonde nayo ili ndi mlembi wake. Chomwe mwana wa sukulu wolemba nkhani kumapeto kwa kope la masamu akuchita ndi kupeka, monga timanenera za wopeka nyimbo. Vuto ndi lakuti pabwalo la milandu munthu akati "wangopeka" ndiye kuti wanama, choncho makolo ena akamva zoti mwana wawo amapeka nkhani sasangalala. Koma nkhani yopeka ili ndi malamulo ake okhwima. Wopeka ali ndi ufulu wopatsa dzina mtsikana wogwidwa ukapolo, kumupatsa mayi ake ndi chipsera pamwendo. Alibe ufulu wosemphana ndi zomwe zikudziwika. Alhomwe ambiri analowa m'dera lino kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, ndiye nkhani ya mu 1893 yomwe mudzi uliwonse ukuvina tchopa yaphonya. Pamsika wa nthawi imeneyo pankamveka kwambiri Chimang'anja ndi Chiyao.

Mawu ena tinawatenga m'kalasi ya Chichewa: mwininkhani, ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani, pachimake. Ambiri tinawaloweza kuti tikhoze mayeso a MSCE, kenako n'kuwaiwala, chonsecho ndi zida zogwirira ntchito. Taganizani za funso lakuti mwininkhani ndani pa linga lija. Mukasankha msilikali wa ku India, nkhani ikhala ya munthu wobwera kudzamasula anthu omwe samva chilankhulo chawo, naye ali pansi pa mzungu. Mukasankha mfumu, ikhala ya munthu amene chuma chake chikutha ndipo anyamata ake ayamba kumuderera. Mukasankha wamtengatenga, mupeza kuti ukapolo utatha kunabwera msonkho wa nyumba ndi thangata, ndiye mawu oti kumasulidwa ayamba kumveka mwina. Zipupa ndi zomwezo, nkhani zitatu zosiyana.

Liwu la m'kalasi lomwe latipweteka ndi phunziro. Funso lakuti "mukuphunzirapo chiyani pankhaniyi" lafunsidwa kwa zaka zambiri moti olemba atsopano amayamba ndi yankho lake, nkhani n'kumabwera pambuyo. Mwambowu unachokera kutali. Nthano za kumoto zinkathera pa chilangizo. Mabuku oyamba a Chichewa anadzera m'manja mwa amishoni, ndipo Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, limatha mwininkhani atatembenuka mtima. Masiku ano mipikisano yambiri imabwera ndi mutu wake kale, kaya Edzi, maukwati a ana kapena kusintha kwa nyengo, chifukwa wopereka ndalama ali ndi uthenga wake. Zotsatira zake ndi ampangankhani opanda magazi: mtsikana wosamva amwalira patsamba lachitatu, womvera akhala nesi. Owerenga amadziwa mathero asanamalize ndime yoyamba. Nkhani ya ukapolo yongotiuza kuti ukapolo ndi woipa siinatiuze kanthu. Itionetse munthu wabwinobwino, wokonda ana ake, akugulitsa mwana wa mnansi wake m'chaka cha njala.

Kundakatulo zinthu zikuyenda bwinoko, ndipo chifukwa chake n'chakuti ndakatulo ya Chichewa siinachoke pakamwa. Mlakatuli amalakatula, anthu n'kumva. Benedicto Wokomaatani Malunga anthu ambiri anamudziwira pawailesi, Robert Chiwamba ndi anzake amatulutsa zimbale ngati oimba, ndipo Q Malewezi anatchukitsa kalakatulidwe ka pamsanja komwe achinyamata a m'tauni amakatcha spoken word. Mnyamata wa pa Migowi kapena pa Chiringa safunikanso kudikira wosindikiza mabuku wa ku Blantyre. Amajambula mawu pafoni, n'kutumiza pa WhatsApp. Khutu limakonda chibwereza ndi mvekero, ndipo mvekero ndiye chuma chomwe Chingerezi chilibe. Anthu a ku Phalombe omwe anaona napolo wa mu Malichi 1991, pomwe phiri la Michesi linagumuka, kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023, safotokoza ndi mawu ataliatali. Amati madzi anangoti khwaa, miyala gubudugubudu, kutacha mudzi uli psiti. Mlakatuli amene wamvetsera bwino anthu amenewa wapeza kale theka la ndakatulo yake.

Zining'a, mikuluwiko ndi zifanifani aphunzitsi amazitcha nsinjiro za chiyankhulo, ndipo aliyense amene anaphikapo chisoso akudziwa kuti nsinjiro zikachuluka masamba samvekanso. Alakatuli ena atsopano amaunjika miyambi isanu m'ndime imodzi poganiza kuti kuzama ndi kumeneko. Kale kubisa mawu kunali ndi chifukwa. Gulu la Writers Group litayamba ku Chancellor College mu 1970, bungwe lounika mabuku linali maso, ndipo kutchula chinthu ndi dzina lake kunkatha kukugonetsa m'ndende. Jack Mapanje anabisala kumbuyo kwa nanzikambe m'buku lake la mu 1981, Of Chameleons and Gods, komabe anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito Napolo yemweyu m'ndakatulo zake kuti anene zomwe sizikananeneka poyera. Chining'a chawo chinali ndi chinthu kumbuyo kwake. Cha ena lero ukachivundukula supeza kanthu.

Kumbali ya zooneka ndi maso, liwu limodzi lasenza katundu wambiri. Wa pensulo amajambula, wa kamera amajambula, wa kanema amajambula, woimba akalowa mu situdiyo nayenso akukajambula. Mtsikana akanena kuti "ndimajambula", funso lotsatira limakhala lakuti ali ndi kamera yanji. Akati amapenta, amuitana kuti adzalembe dzina la golosale. Mawu akalekale ndiwo olunjika: kusema, kuumba, kuluka, kuzokota, kudinda. Lililonse limakuuza chomwe manja akuchita ndi chomwe agwira. Ntchitoyi siyachilendo kuno. Zina mwa zojambula za pamiyala ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, n'zakale kuposa linga lililonse, ndipo ku Mua malo a Kungoni, omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, aphunzitsa osema ambiri. Koma liwu loti ziboliboli lakhala likumveka ngati katundu wogulitsa kwa alendo, mvuu ndi mipando ya mafumu zofanana zana limodzi. Kuno ku Mulanje osema a pa Likhubula ankadziwika ndi timabokosi ta mkungudza, mtengo womwe tsopano watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Wosema wachinyamata lero ayenera kuyankha funso lomwe agogo ake sanafunsidwe, lakuti thabwalo walitenga kuti.

Ntchito zina zatsopano zikusowa dzina. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre koma wokhala ku Johannesburg, amapanga zithunzi posoka tizidutswa ta nsalu ya silika. Ndi telala kapena wojambula? Samson Kambalu anatenga chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, n'kupanga chiboliboli chamkuwa chotchedwa Antelope, chomwe chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022. Luso lake silili m'kusalala kwa mkuwawo. Lili m'ganizo: Chilembwe anamukulitsa kwambiri, Chorley n'kumusiya msinkhu wa munthu wamba, ndipo Chilembwe ali chivalire chipewa, chinthu chomwe munthu wakuda sankaloledwa pamaso pa mzungu. Mphunzitsi wa luso amene amangoyang'ana ngati mphuno yafanana sangathe kuyeza ntchito yotere. Nayenso munthu wosankha ndi kusanja ntchito za ena, yemwe Angerezi amati curator, tilibe dzina lake lokhazikika. Ine ndimati wosanja chionetsero, ngakhale kuti kuno ukanena za zionetsero ena amayamba kufunsa ngati a DC alola.

Pomwe tasauka kwenikweni ndi pa mawu oweruzira. Chimombo anaona vutoli kale. M'buku lake la mu 1988, Malawian Oral Literature, anapanga liwu loti ulimbaso pofuna kumanga pamodzi zinthu zitatu: komwe ganizo lachokera, momwe laumbidwira, ndi luso la mwini wake. Liwulo silinafike pamsika, linathera m'makalasi a ku Zomba. Komabe anali atakhudza penipeni, chifukwa mphatso, luso ndi kaso si chinthu chimodzi. Mphatso munthu amabadwa nayo, luso amalisula ndi thukuta, kaso ndi zomwe woona amamva. Tikangoti "mwanayu ali ndi mphatso" timakhala ngati tamuuza kuti ntchito yatha.

Mawu oweruzira alipo, kungoti sitiwatengera kuzolembalemba. Woumba mbiya amadziwa kunena kuti iyi yapendama, iyi siinapse. Wosema amati thabwali n'laliwisi, ling'aluka. Pamaliro munthu akamalankhula timanong'onezana kuti nkhani yalowa m'tchire, yasukuluka, yazizira, kapena akukometsera. Amenewa ndi mawu a mkonzi, ndipo mkonzi ndiye munthu wosowa kwambiri pa ntchito yathuyi. Kudzisindikizira buku sikulakwa. Upile Chisala anayamba choncho ndi soft magic mu 2015 ndipo anafika patali. Koma mabuku ambiri odzisindikizira amatuluka osawerengedwa ndi wina aliyense woti n'kunena kuti mutu wachinayi uchoke.

Nalo dzina loti "ongoyamba kumene" tisamale nalo. M'nyuzipepala munthu amakhala wongoyamba kumene kwa zaka 10, kenako tsiku lina timva kuti ndi mkhalakale, pakati pake palibe. Dzinali limathandiza okonza zochitika, chifukwa wongoyamba kumene salipidwa, amangouzidwa kuti apatsidwa mpata woti adziwike. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 silisiyanitsa woyamba dzulo ndi katswiri, ndipo bungwe loyang'anira umwiniwu la COSOMA, lomwe linayamba mu 1992, si la oimba okha. Bungwe la alembi la MAWU nalo lilipo kuyambira 1995, ngakhale kuti zochitika zambiri zimathera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe.

Inu amene mnzanu wakutumizirani ndakatulo kapena chithunzi pafoni, musangomubwezera kachizindikiro ka moto ndi mawu oti "mwaitha bwana". Muuzeni mzere womwe wakugwirani mtima, mumuuzenso ndime yomwe yazizira, ndi chifukwa chake.