Kusintha kwa Nkoloko ku Maiko a Kunja ndi Pampu ya Insulini

Kuno ku Zambia nkoloko siisinthidwa caka conse, koma ku Britain, ku maiko ambili a ku Ulaya ndi ku madela ambili a United States amaisintha kawili pa caka. Ku Britain amaipititsa patsogolo ndi ola limodzi pa Sondo yothela ya mwezi wa Malichi, ndipo amaibweza pa Sondo yothela ya Okutobala. Mu 2026 masiku amenewa ndi 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Ku United States, kuyambila mu 2007, amasintha pa Sondo yaciwili ya Malichi ndi pa Sondo yoyamba ya Novembala. Kwa anthu ambili ndi nkhani ya tulo cabe, koma kwa odwala matenda a shuga amene amavala pampu ya insulini, kuphatikizapo abale athu okhala kumeneko, ndi nkhani yokhudza mankhwala.

Pampu ya insulini ndi kamakina kakang'ono kamene kamalowetsa insulini pansi pa khungu usana ndi usiku, m'malo mwa nyeleti za tsiku ndi tsiku. Imapeleka mankhwala m'njila ziwili. Yoyamba, imene adokotala amaicha basal, ndi insulini yocepa yolowa pang'onopang'ono nthawi zonse. Yaciwili, yochedwa bolus, ndi ya pa nthawi ya cakudya kapena yotsitsila shuga ikakwela.

Milingo yonseyi imatsatila nkoloko ya mkati mwa pampu, cifukwa thupi silifuna insulini yofanana maola onse. Mwacitsanzo, kwa odwala ambili shuga imakwela m'bandakuca cifukwa ca mahomoni amene thupi limatulutsa pokonzekela kudzuka, motelo dokotala amakweza basal ya maola amenewo. Ena amafunikanso insulini yambili pa cakudya ca m'mawa kuposa ca madzulo. Mapampu ambili sasintha okha nthawi monga mmene foni imacitila. Mwini wake akaiwala, pampu imapitiliza kupeleka mlingo uliwonse pa ola lolakwika, mwina kwa milungu yambili.

Kunena zoona, kusiyana kwa ola limodzi kawilikawili sikubweletsa ngozi yaikulu, makamaka kwa munthu amene basal yake siisintha kwambili pa tsiku. Vuto lalikulu limabwela pa nthawi yokonza nkoloko imeneyo. Pampu ikakhala pa nkoloko ya maola 12, munthu angathe kusokoneza AM ndi PM. Zikatelo usana umasanduka usiku: insulini yambili ya m'bandakuca imalowa masana, ndipo m'bandakuca imapelewela. Mu 2014, Dr Saleh Aldasouqi wa pa Michigan State University ndi mnzake analemba za colakwa cimeneci mu Journal of Diabetes Science and Technology. Pa mfundo iyi ife a ku Zambia tili ndi mwayi, popeza tinazolowela kale kuwelenga maola 24, monga 06:00 ndi 18:00. Amene pampu yao imalola, ndi bwino kuiika pa kawelengedwe kameneka.

Nkoloko ingakonzedwe pogona usiku wa pa Ciwelu kapena podzuka pa Sondo m'mawa. Cofunika ndi kukonza munthu ali maso bwinobwino, osati ali ndi tulo, ndiyeno kuonanso ola, tsiku, mwezi ndi caka. Cosintha ndi nthawi yokha. Milingo ya insulini isakhudzidwe popanda uphungu wa dokotala kapena nesi. Makina opimila shuga pa cala ndi olandila manambala a sensa ya pa khungu nawonso akonzedwe tsiku lomwelo, cifukwa nthawi zikasiyana, dokotala powelenga zolembedwa angaganize kuti shuga inatsika cakudya cisanadyedwe pamene inatsika pambuyo pake, ndi kusintha mlingo umene unali bwino.

Kuyambila mu Epulo 2024, NHS England inayamba nchito ya zaka 5 yopeleka kwa odwala shuga ya mtundu woyamba mapampu olumikizana ndi sensa, amene amadziwonjezela kapena kudzicepetsela okha insulini. Ngakhale awa amadalila nkoloko pa milingo ya cakudya, ndiponso pamene sensa yaleka kugwila nchito ndipo pampu yabwelela ku basal yoikidwa ndi dokotala.

Kwa masiku awili kapena atatu pambuyo pa kusintha, nthawi ya kudya ndi kugona imasokonezeka, motelo shuga ipimidwe kawilikawili, makamaka usiku ndi m'mawa. Ikatsika pansi pa 4 mmol/L, wodwala amwe kapena adye magalamu 15 mpaka 20 a shuga yolowa msanga m'magazi, monga madzi a zipatso, ndi kupimanso pakapita mphindi 10 mpaka 15. Ikakhala pa 14 mmol/L kapena kuposa popanda cifukwa codziwika, apime maketoni. Mu pampu muli insulini yogwila nchito msanga yokha, ndipo ikaleka kulowa, maketoni angaculuke m'maola ocepa. Kusanza, kupweteka kwa m'mimba kapena kupuma movutikila ndi zizindikilo zothamangila nazo ku cipatala.

Apaulendo ocoka ku Britain kubwela kuno adziwe kuti Lusaka imatsogola London ndi maola 2 kucokela kothela kwa Okutobala mpaka kothela kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi yotsala. Pa kusiyana kocepa kotele, nkoloko ya pampu ingasinthidwe kamodzi munthu akatsika ndeke. Ocokela ku America, kumene kusiyana ndi maola 6 kapena kuposa, akambilane ndi dokotala wao asananyamuke.