Mangochi: Tawuni Yobadwira pa Doko

Pamene Shire ayambira

Mitsinje yothira madzi m'nyanja ya Malawi ndi yambiri, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha. Mtsinjewo ndi Shire. Umatuluka kumwera kwa nyanja, kuyenda kamtunda pang'ono, n'kulowa m'nyanja ya Malombe. Tawuni ya Mangochi ili pakati pa nyanja ziwirizi.

Malo amenewa ndi powolokera. Munthu wochokera kum'mawa kupita kumadzulo sangalimbane ndi nyanja yaikulu ndi mwera wake. Amabwera kudzawolokera pano, pomwe madzi ndi opapatiza. Wapabwato wochokera kumpoto kupita kumwera amadutsanso pomwepa. Njira ya pamtunda ndi njira ya pamadzi zimakumana pano, ndipo mbiri yonse ya tawuniyi yagona pa kukumana kumeneku.

Mudzi wa Mponda

Kale m'mbali mwa nyanja munkakhala Anyanja. Ankapha nsomba, kulima mapira ndi kusema mabwato. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kuchokera kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Mozambique. Ayao anali akatswiri a maulendo ndi malonda. Ankadziwa njira zokafika kunyanja yamchere, ku Kilwa ndi madoko ena.

Mafumu awo anakhazikika m'malo osankhika bwino. Makanjira anakhala kum'mawa kwa nyanja, ndipo anali ndi zombo zamatanga. Jalasi anakhala paphiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera. Mponda anatenga doko la Shire. Aliyense wowoloka ndi katundu ankayenera kuonana naye. Mudzi wake unakula kwambiri. David Livingstone, yemwe anafika panyanjayi koyamba mu 1859, anacheza kwa Mponda mu 1866.

Amalonda ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Pobwerera ankatenga minyanga ya njovu. Ankatenganso anthu. Apa tisabise mawu: padoko limeneli panawoloka abambo, amayi ndi ana omangidwa m'magoli, kupita kokagulitsidwa. Ambiri anafera m'njira. Otsalawo sanaonenso kwawo. Chuma choyamba cha doko lathu chinali ndi misozi ya anthu amenewa, ndipo ndi bwino adzukulu athu azidziwa zimenezi.

M'njira zomwezo munabweranso Chisilamu, kulemba kwa Chiarabu, kavalidwe ka mikanjo ndi kamangidwe katsopano ka nyumba. Mizikiti yomwe tikuiona lero ponseponse m'boma lino mizu yake ili m'nthawi imeneyo.

Sitima yoyamba

Mu Okutobala 1875 panadutsa chinthu chachilendo pa Shire: bwato lachitsulo lofuka utsi. Inali sitima yaing'ono ya amishoni a ku Scotland, dzina lake Ilala. Inafika bwanji kuno, poti pakati pa Shire pali mathithi? Anaiphwasula kumunsi kwa mathithiwo. Anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu, kukwera mapiri padzuwa, mpaka kumtunda komwe anakailumikizanso.

Amishoniwo, mmodzi mwa iwo Dotolo Robert Laws, anakamanga ku Cape Maclear, kwa Chembe. Malungo anawavuta ndipo ena anamwalira. Manda awo alipo mpaka lero. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Pambuyo pake kunabwera a Anglican, omwe anamanga ku Mpondasi ndi ku Malindi. Sitima yawo, Chauncy Maples, inayamba kuyenda panyanja mu 1901.

Fort Johnston

Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Mkulu wawo anali Harry Johnston. Iye anaona msanga kuti wolamulira doko la Mponda ndiye wolamulira khomo la nyanja. Chaka chomwecho anamangitsa linga kutsidya kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Lingalo analitcha Fort Johnston. Asilikali ake ambiri anali Asikhi ochokera ku India.

Angerezi ankati abwera kudzathetsa ukapolo, ndipo anauthetsadi. Koma anabweranso kudzalanda ulamuliro ndi kukhometsa msonkho. Mafumu sanagonje mwachisawawa. Mu Disembala 1891 ankhondo a Makanjira anapha Kaputeni Cecil Maguire, amene anamanga lingalo. Jalasi naye anabweza asilikali paphiri lake, mpaka anagonja mu 1895. Pamenepo Angerezi anamanga linga lina paphiri la Mangochi. Makoma ake amiyala akadalipo.

Malo oyamba a Fort Johnston anali achinyontho ndi odzaza udzudzu. Mu 1897 boma linasamukira pomwe lili lero, kumadzulo kwa mtsinje.

Masiku a doko

Zaka zotsatira zinali za ulemerero wa doko. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsitsidwa ku Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Sitima zing'onozing'ono zinkamukweza mu Zambezi ndi mu Shire mpaka kufupi ndi Chikwawa. Kuchokera apo amtengatenga ankasenza, kudzera ku Blantyre, kukatula ku Matope. Pa Matope katundu ankakweranso sitima kubwera ku Fort Johnston. Pano ndi pomwe ankamupakira m'sitima za panyanja zopita ku Nkhotakota, Karonga ndi madoko a kutsidya. Kampani ya Mandala inali ndi sitima zake ndi sitolo zake. Kunabweranso amwenye ndi magolosale awo.

Mukafika pafupi ndi mlatho wa pa Shire, imani pachipilala cha wotchi. Anachimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga. Mzingawo unali pasitima yankhondo yotchedwa Guendolen, yomwe anailumikiza konkuno. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Guendolen inapita ku Liuli, kutsidya la Tanzania, n'kuwombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann.

Pamalo omwewo pali chikwangwani chachitsulo chachisoni. Chimakumbutsa za sitima ya Vipya. Inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, mphepo itakula, ndipo anthu 145 anafa. Mukadzadutsa pamenepo mudzaime, mudzawerenge nokha manambalawo. Zambiri za sitima zakale zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, pafupi pomwepo.

Sitima zichoka

Doko limadalira madzi. Kuyambira cha m'ma 1915 nyanja inatsika kwambiri. Mchenga ndi mabango zinatseka potulukira Shire, moti kwa zaka pafupifupi 20 mtsinjewu unkangoyenda mwa apo ndi apo. Sitima zinalephera kudutsa. Mu 1935 njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima, ndipo katundu anayamba kudzera kumeneko.

Pambuyo pake likulu la sitima linakhala ku Monkey Bay, komwe madzi ndi akuya ndipo mapiri amatchinga mphepo. Ilala yomwe tikuidziwa lero inapangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Inayamba ntchito mu 1951. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, sitima imeneyi yakhala msewu wawo kwa zaka zoposa 70.

Fort Johnston inatsala boma chabe: ofesi ya DC, polisi, chipatala ndi msika. Mu Febuluwale 1965 dzina lake linamveka dziko lonse. Henry Masauko Chipembere wa ku Malindi, yemwe anasemphana ndi Dr Kamuzu Banda, analowa m'tawuniyi usiku ndi anthu ake n'kulanda mfuti kupolisi. Ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa Liwonde, chifukwa pantoni inali kutsidya. Anthu ambiri a boma lino anazunzika pambuyo pa zimenezi. Dziko litalandira ufulu, dzina lachitsamunda linachotsedwa, ndipo tawuni ndi boma lonse zinatenga dzina la phiri lija, Mangochi.

Nsomba

Sitima zitachoka, chomwe chinasunga tawuniyi ndi nsomba. Chigawo cha nyanja cha kuno ndi chosaya, madzi ake ndi ofunda, ndipo chambo chimaswana bwino. M'zaka za m'ma 1930 Agiriki anayamba usodzi wa makoka aakulu. Kenako kunabwera kampani ya Maldeco. Koma nsomba zambiri zimaphedwa ndi asodzi wamba.

Pitani padoko m'mamawa. Maboti a chilimira akukocheza, nyali zazimitsidwa, alovi atopa ndi kukoka usiku wonse. Amayi ali ndi mabeseni m'manja, akukambirana mtengo wa usipa. Ena akuyanika pathandala, ena akuwamba, ena akufwafwaza. Wakabaza akumangirira dengu panjinga. Pofika mawa nsombazo zidzakhala zili ku Limbe kapena ku Lilongwe. Boti limodzi limadyetsa mabanja ambiri amene sanagwirepo nkhafi.

Koma chambo chachepa. Ku Malombe chinatha mphamvu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa cha makoka a maso aang'ono omwe ankakokolola ndi ana omwe, n'kuzula udzu wa pansi pomwe nsomba zimabisala. Poona zimenezi, mu 1993 boma ndi asodzi anayambitsa makomiti a m'madoko, ndipo anayambira ku Malombe komweko. Pali miyezi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane. Lamuloli ndi labwino, ngakhale limawawa pakhomo pomwe palibe munda. Chowawa kwambiri ndi kuona neti yogawidwa kuti iteteze mwana ku udzudzu ikukokedwa m'madzi.

Tawuni ikukula

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 53,000 m'tawuni ya Mangochi. Mu 1998 analipo pafupifupi theka la chiwerengerochi. Mu 2018 boma lonse linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni.

Chikukoka anthu n'chiyani? China ndi mlatho wa Bakili Muluzi, womwe unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutsegulidwa mu 2002. Magalimoto amawoloka kupita ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde, kumalire ndi Mozambique. China ndi mahotela a mumsewu wa ku Monkey Bay, komwe kumachitikira misonkhano yambiri. Chinanso ndi Joni. Anyamata ambiri a kuno amapita ku South Africa kukagwira ntchito. Ndalama zomwe amatumiza zasanduka nyumba zamalata, mashopu ndi njinga zamoto. Zasiyanso amayi akulera ana okha, ndi anyamata osiya sukulu ali ndi maganizo a ulendo basi.

Mzinda wina wa padoko

Kumadzulo kwa Africa, m'dziko la Nigeria, kuli mzinda wa Lagos. Nawonso unayamba ngati mudzi wa asodzi pachilumba. Nawonso unali doko la akapolo. Angerezi anaulanda mu 1861. Kusiyana kwake n'kwakuti Lagos ili panyanja yamchere, choncho sitima sizinachokeko. Doko lake la Apapa limalandira katundu wambiri wa dzikolo. Likulu la boma linasamukira ku Abuja mu 1991, koma anthu akukhamukirabe ku Lagos. Lero aposa 15 miliyoni.

Anthu anachuluka msanga kuposa misewu, mipope ndi ngalande. Ku Makoko asodzi amakhala m'nyumba zomangidwa pamitengo pamwamba pa madzi, ndipo ana amapita kusukulu pabwato. Mvula ikagwa yambiri, madera ambiri amasefukira. Mangochi ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi Lagos. Komabe mavuto a kumeneko ayamba kuoneka kuno, ndipo ife tikadali ndi mpata wokonza.

Madzi abwerera

Mu 2022 ndi 2023 kolera inavuta dziko lonse, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Tili pakati pa nyanja ziwiri, koma makomo ambiri alibe madzi abwino akumwa. Mumchenga chimbudzi chimagumuka msanga. M'madoko anthu ndi ambiri, zimbudzi n'zochepa. Tawuni ikamakula, nkhani ya mipope ndi zimbudzi iyenera kutsogola, nyumba zizibwera pambuyo.

Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene yakhalira kwa zaka zambiri. Madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja ndi mwa Shire. Malo ambiri omwe anamira ndi omwe akuluakulu ankadziwa kuti ndi njira ya madzi, koma anagulitsidwa ngati mapuloti pa zaka zomwe nyanja inali yotsika. Musanagule puloti, funsani agogo a pamalopo kuti madzi ankafika pati.

Anthu ena anapempha kuti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri kuti madzi aphwe. Nkhaniyi ndi yovuta. Zitsekozo, zomwe zinamangidwa mu 1965, zimasunga madzi opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Zikatsegulidwa mopitirira, madzi omwe achoka pakhomo la munthu wa ku Mangochi amakalowa m'munda wa munthu wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje.