Makanja Akagwa M'bwalo

Kuyambira ku Mpingu, kudutsa Namitete, kukhotera ku Nsaru ndi Kabudula mpaka kukafika ku Nambuma, palibe mwana amene amakula osaonako Makanja. Ndi chilombo chachitali chija, chimene mutu wake umayamba kuonekera pamwamba pa nkhokwe chisanafike n'komwe pabwalo, chikuponda pansi ndi miyendo yowonda ngati misichi. Chili ndi anzake oopsa. Gologolo amakwera mlongoti wosalala n'kukavinira kunsonga, mwina kulendewera mutu pansi pa chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri. Mbaula amabwera atasenza moto pamutu. Zina zimatuluka ndi njoka yamoyo m'khosi.

Zimenezi n'zosiyana ndi Chadzunda, Maliya kapena Simoni wa nkhope yofiira, amene ntchito yawo ndi kulangiza ndi kunyogodola makhalidwe a anthu. Makanja ndi anzake amabwera kudzazizwitsa. Amayi amaimba mtima uli m'mwamba, ndipo gule akatha mumamva anthu akunong'onezana kuti pamenepo pali zizimba, si zaulere ayi. Ine ndinakulira m'mudzi wa mzinda, ndinaphunzitsa m'sukulu za kuderali mpaka kupuma, ndipo za kudambwe sindiziika papepala. Zimene ndikunena pano ndi zoonekera pabwalo, pamene aliyense, wometa ndi wosameta, ali ndi maso.

Gule ndi wakale kuposa mishoni ndi boma lomwe. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawaika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2006, muli zithunzi zoyera za zilombo zimene makolo anajambula pamiyala. Koma gule wa makolowo sankatuluka mwachisawawa. Ankatuluka pa maliro, pa m'meto, pa chinamwali, polonga ufumu. Pakati pa zochitikazi pankapita miyezi, ndipo kudambwe kunali nthawi yokonzekera.

Chimene anthu ambiri saona n'chakuti mwambowo unali ndi chitetezo chakechake. Bwalo linali ndi mwini wake, mwini mzinda, ndipo popanda mawu ake ng'oma sinkalira. Wakunjira ankadziwa chilombo chilichonse chimene chituluke, ndi chimene sichinakhwime kuti chionekere. Atsabwalo ankayamba ayendera bwalo, kuchotsa zitsa ndi miyala, kukwirira maenje, kenako n'kukankhira khamu kumbuyo ndi nthambi. Mukaonetsetsa Makanja akuvina, pansi pake simusowa anthu oyenda naye, maso ali kumiyendo. Anthuwo sali pamenepo kudzatola ndalama zokha. Woimba mbalule naye amawerenga mapazi a chilombo. Akaona kuti mphamvu zikutha amadula ng'oma, chilombo n'kutuluka ulemu wake uli wonse. Panalinso kudika, kudziletsa kumene akuluakulu ankalamula gule asanatuluke. Ena amati mphamvu yake inali m'mankhwala. Ine ndimati, kaya mankhwalawo ankagwira kaya ayi, mwambo umene umagoneka thupi msanga ndi kulitalikitsa ku zosokoneza umapulumutsa khosi.

Zinthu zinayamba kupotoka pamene gule anapeza adani. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, n'kufalikira ku Likuni, Kachebere ndi Nambuma, pamene a Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Mvera ndi ku Nkhoma. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula kwambiri, ndipo chimene ankalimbirana chinali ana. Mishoni inkafuna mnyamata m'kalasi, dambwe linkamufuna kumanda. Ian Linden, amene analemba mbiri ya mkanganowu m'buku lake la 1974, anaonetsa mmene midzi ya Achewa inakanira kugonja. Pofuna kuti sukulu isawatsogolere, eni dambwe anayamba kumeta anyamata aang'ono kuposa kale, ndipo chinsinsi chinamangidwa kolimba kuposa kale. Zonse ziwirizi zinapulumutsa gule. Zonse ziwirizi n'zimenenso zikutipweteka lero.

Nthawi ya Kamuzu gule anakwera lole. Anachoka pabwalo la m'mudzi, pamene atsabwalo ankadziwa dzenje lililonse, n'kukavina pamisonkhano ya chipani ndi pa zikondwerero za 6 July, pamaso pa anthu zikwizikwi, mudzi uliwonse ukufuna kuti chilombo chake ndicho chikumbukidwe. Matipate atabwera mu 1994 oitana anangochuluka: kampeni, maukwati, kutsegulira mjigo, alendo ojambula. Mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti magulu athu amawoloka malire pa Mchinji kupita ku Mkaika, ku Katete, kukavina pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. N'zonyaditsa, ndipo sindikufuna kuti zithe. Koma kusupa kunasanduka malipiro, ndipo wosupa amalipira msinkhu. Makanja wamfupi salandira kanthu. Ndiye miyendo inatalika, mlongoti wa Gologolo unakhala wa bulugamu wodulidwa dzulo lake, chingwe chinasanduka waya wotoledwa kuchigafa, moto unayamba kuthiridwa parafini. Fodya akagulidwa ku Kanengo, ziliza zimatsatana sabata ndi sabata m'midzi ya kwa Kabudula ndi kwa Kalolo, ndipo chilombo chomwecho chimavina Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, kachasu akuyenda kuliunde.

Ndinaonapo Makanja akugwa. Panali pa chiliza, m'mudzi wina umene sindiutchula, ndipo bwalo linali kumunsi kwa chitsime kumene dothi limaoneka louma pamwamba pokha. Mwendo umodzi unalowa pansi, chilombo chinapendekeka pang'onopang'ono, kenako phii! Atsabwalo anachita zimene anaphunzitsidwa: anachizinga, amayi ndi ana anathamangitsidwa, ng'oma sizinaleke, Kapoli analowa m'bwalo kudzatenga maso a anthu. Mwambo unasungika bwino lomwe. Patapita masiku tinamva kuti mnyamata wina wa m'mudzimo wagwa pangolo ndipo wathyoka ntchafu. Anayamba amumangira timitengo ndi khungwa kunyumba. Pomwe ankafika kuchipatala mwendo unali utatupa, ndipo mpaka lero amatsimphina.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chilombo si munthu, timatero, ndipo chimene si munthu sichipita kuchipatala. Choncho ovulala athu onse anagwa pangolo, panjinga kapena mumtengo wa mango. Namwino wa ku St Gabriel's ku Namitete, chipatala chimene masisitere a ku Luxembourg anatsegula mu 1959, kapena wa ku Kabudula, amalemba zimene wauzidwa. Munthu wogwa kuchokera pamwamba akhoza kuthyoka msana kapena kukha magazi m'kati osaonekera kunja, ndipo kumunyamula mopinda kapena kudikira kuti kude kaye ndi kumene kumamupha kapena kumupuwalitsa.

Azungu nawo ali ndi amatsenga awo, ndipo anakumana nazo zomwezi. Ku London kunali William Robinson, Mmereka amene ankadzionetsa ngati Mtchaina dzina lake Chung Ling Soo, osalankhula Chingerezi pagulu kuti chinsinsi chisaululike. Tsenga lake lotchuka linali kuwakha chipolopolo. Mu Malichi 1918 mfuti yake yokonzedwa mwachinyengo inalakwika, chipolopolo chenicheni chinamulasa pachifuwa, ndipo anafuula m'Chingerezi anthu onse akumva. Anamwalira m'mawa mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunachitika kafukufuku wa imfa, katswiri wa mfuti anaunika chidacho, ndipo amatsenga ena anadziwa chimene chinalakwika. Kwathu mlongoti ukathyoka umakasonkhezedwa pamoto, mudzi woyandikana nawo n'kudzadula wina wofanana nawo.

Munthu wamkulu akasankha kuika moyo wake pachiswe kuti alemekeze maliro a mfumu yake, ine ndilibe naye mlandu. Koma pali awiri amene sanasankhe. Woyamba ndi mwana wokhala pansi kutsogolo kwa khamu, amene Makanja akagwa amagwera pa iye, ndipo makala a Mbaula akatayika amatayikira pa iye. Wachiwiri ndi uja wopepuka thupi, amene amasankhidwa kukwera pamwamba chifukwa choti ndi wopepuka. Ana otere ndinkawaona Lolemba m'kalasi, akusinza, zikhato zili zosupuka, ndipo ndikafunsa ankangoyang'ana pansi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuika mwana pa mwambo uliwonse woika thanzi lake pangozi, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Koma wapolisi sangakalondere kudambwe, ndipo akayesa tidzangobwerera ku nkhondo ya m'ma 1920 ija. Amene angathe ndi eni ake.

Mafumu akwanitsa kale zina. M'madera ambiri analamula kuti gule asatuluke nthawi ya sukulu ndiponso asathamangitse ana panjira, ndipo a Chewa Heritage Foundation akhala akubwereza mawu omwewo. Mphamvu yomweyo ikhoza kufika pamlongoti. Inu eni mizinda ndi akunjira, bwezerani atsabwalo ntchito yawo yoyendera bwalo ndi kuyesa mtengo ng'oma isanalire, ndipo khamu likhale patali kuposa kutalika kwa chilombocho. Chimene chanunkha kachasu chisakwere. Wosafika zaka 18 asachoke pansi. Ndipo chilombo chikagwa, chizingeni monga mwa mwambo, amayi asaone, koma mnyamata wogwa pangoloyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, atagona chowongoka pachitseko, ndipo amene wamuperekeza akamuuze dokotala kutalika kwa pamene wagwa.