Kagalu ka Nixon ndi Thumba la Masankho

Munthu wofuna mpando m'Nyumba ya Malamulo ku Amereka asowa ndalama zambiri: za ulendo, za kusindikiza mapepala, za kugula nthawi pa wailesi. Ndalamazo amsonkhera anthu omkonda, wina dola limodzi, wina zikwi. Tsono zikalowa m'manja mwace, kodi zikhala zace, kapena ziri za nchito imene anazisonkhera? Funso limeneli linabvuta dziko lija zaka zambiri.

Linayamba kumveka kwambiri m'September 1952. Richard Nixon, senator wa ku California, anali atasankhidwa kuti aime pamodzi ndi General Eisenhower monga waciwiri wace. Manyuzipepala anaulula kuti anthu olemera a kwao anamsungira thumba la madola oposa 18,000. Lamulo loletsa panalibe, komabe anthu anang'ung'udza, ndipo akulu ena a cipani cace anafuna kumcotsa. Pa 23 September Nixon analankhula pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, anthu monga 60 miliyoni alikumvera. Anawerenga cuma cace ndi ngongole zace pamaso pa dziko lonse, nati ndalama za thumbalo zinagwira nchito ya ndale yokha. Potsiriza anabvomera kuti mphatso imodzi analandiradi: kagalu kocokera kwa munthu wa ku Texas, dzina lace Checkers, ndipo popeza ana ace anakakonda, sadzakabweza. Matelegalamu omcirikiza anafika osawerengeka, nakhalabe pa malo ace. Kagalu kanapulumutsa mbuye wace, koma funso lija linatsala losayankhidwa.

Amene analidzutsanso ndiye Thomas Dodd, senator wa ku Connecticut, munthu wolemekezeka amene anaimbako milandu akulu a Nazi ku Nuremberg. Pakati pa 1961 ndi 1965 anamkonzera madyerero aulemu, olowamo nalipira ndalama. Anchito a mu ofesi mwace eni ace ndiwo anakopera makalata ace mwamseri, nawapereka kwa olemba nkhani Drew Pearson ndi Jack Anderson. Zinaoneka kuti madola osacepera 116,000 anapita ku zinthu za iye mwini, monga ngongole za msonkho ndi kukonzetsa nyumba. Dodd anakana kuti sanabe. Anati odza ku madyerero anadziwa kuti alikumpatsa mphatso. Anzace a m'Senate sanamve zimenezo, ndipo m'June 1967 anamdzudzula ndi mavoti 92, okana 5 okha. Kundende sanapite, mpando sanamlande. Anthu a kwao ndiwo anamtaya pa masankho a 1970.

Lamulo lalikulu la ndalama za masankho linadza m'1971, nalimbitsidwa m'1974, caka cimene Nixon yemwe uja anatula upulezidenti cifukwa ca mlandu wa Watergate. Pamenepo panakhazikitsidwa bungwe loyang'anira, Federal Election Commission. Koma ciletso ceni ceni ca kudya ndalama zotsala pa masankho cinacedwa kufikira pa 8 January 1980.

Apa mpamene pali nkhani. Opanga lamulolo anali eni ace matumba, ndipo fisi sakhala mbusa wa mbuzi. Analembamo mau akuti ali yense amene anali kale m'Nyumba ya Malamulo pa tsiku limenelo ciletso sicimkhudza. Cotero phungu watsopano analetsedwa, koma wakale, popuma nchito, anali ndi ufulu wonyamula thumba lonse kupita nalo kwao, atalipira msonkho wace basi. Ena anateradi, nacoka ndi madola zikwi mazana. Anthu atadandaula zaka khumi, lamulo la 1989 linatseka khomo limeneli, koma linalitseka pang'ono pang'ono: wofuna kutenga ndalama anayenera kucoka January 1993 asanafike. M'caka ca 1992 aphungu ambiri ndithu anapuma. Zifukwa zinali zambiri, koma kwa ena thumba linali cimodzi ca izo.

Panatsala bvuto la kusiyanitsa. Suti imene phungu abvala pa msonkhano, kodi ndi ya masankho kapena ndi yace? M'1995 bungwe lija linaika muyeso wosabvuta kumva: ngati munthu akadalipira cinthuco ngakhale asali pa mpikisano kapena pa mpando, ndiye kuti ndi cace, alipire ndi malipiro ace. Lamulo la 2002 linachula zinthuzo maina: lendi ya nyumba yogonamo, zobvala, cakudya ca pa banja, fizi ya sukulu, ulendo wa chuthi. Muyeso womwewo unathandiza mai wina wa ku New York m'2018, pamene analoledwa kulipira wolera ana ace ndi ndalama za masankho, pakuti akadapanda kupikisana akadawalera yekha.

Ndipo lamulo linayamba kuluma. Jesse Jackson Jr., phungu wa ku Chicago, mwana wa mbusa wochuka womenyera ufulu wa anthu akuda, anabvomera m'2013 kuti anadya madola monga 750,000. Pa zimene anagula panali nkoloko ya pa mkono ya Rolex ya madola 43,350, ndi cipewa ca woimba Michael Jackson. Anamlamula kukhala m'ndende miyezi 30.

Duncan Hunter wa ku California anaimbidwa mlandu wa madola oposa 250,000: chuthi ca banja ku Italy, fizi ya ana, dokotala wa mano, ndiponso madola monga 600 okweza kalulu woweta wa pa banja m'ndege. Poyamba anakankhira mlandu kwa mkazi wace, amene anali kusunga mabuku. Pambuyo pace anabvomera, natula mpando, ndipo m'March 2020 woweruza anampatsa miyezi 11. Koma m'December caka comweco, asanagone m'ndende ngakhale usiku umodzi wa cilangoco, Pulezidenti Donald Trump anamkhululukira.