Matthew Arnold: zaka 35 pa ntchito yoyendera sukulu

Sabata ino ndafuna kuti tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 150, tipite ku England, tikaone moyo wa munthu wina amene anagwira ntchito yoyendera sukulu za pulayimale kwa zaka 35. Dzina lake ndi Matthew Arnold. Amene munaphunzira zolembalemba za Chingerezi mwina munamumva ngati mlakatuli, koma chimene chinkadyetsa iye ndi banja lake kuyambira 1851 mpaka 1886 si ndakatulo ayi. Chinali kukwera sitima ya pamtunda, kulowa m'zipinda zodzaza ndi ana a anthu osauka, kuwafunsa mafunso, kenaka kukhala pansi usiku ndi kulemba lipoti.

Tiyambe ndi chiyambi cha udindowo. Mpaka chaka cha 1833 boma silinkaika ndalama iliyonse pa sukulu za ana a anthu wamba ku England. Ntchitoyi inali m'manja mwa mipingo ndi anthu akufuna kwabwino. M'chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo inavomereza mapaundi 20,000 othandizira kumanga sukulu. Mu 1839 ndalamazo zinakwera kufika pa mapaundi 30,000, ndipo boma linakhazikitsa komiti yoona za maphunziro, mlembi wake nakhala dokotala wina dzina lake James Kay, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Kay-Shuttleworth. Lamulo linali lakuti sukulu yolandira thandizo la boma ilolenso kuyenderedwa. Oyendera awiri oyamba anali John Allen, mbusa wa mpingo wa Anglican, ndi Seymour Tremenheere, katswiri wa malamulo. Malangizo amene Kay anapereka kwa oyendera mu 1840 ndi ofunika kuwakumbukira, pakuti nkhani yonse yotsatira yagona pamenepo: iye anati woyendera sabwera kudzalamula koma kudzathandiza, ndipo asapereke uphungu pamene eni sukulu sanaupemphe.

Mipingo inachita nsanje ndi sukulu zake. Mpingo wa Anglican unapangana ndi boma mu 1840 kuti woyendera sukulu zake azisankhidwa movomerezedwa ndi maepiskopi aakulu, ndipo osankhidwawo ankakhala abusa a mpingo womwewo. Sukulu za Katolika zinaloledwa kulandira thandizo la boma mu 1847, ndipo chaka chotsatira Thomas William Marshall, amene anali atangolowa kumene Chikatolika kuchokera ku Anglican, anakhala woyendera wake woyamba. Sukulu za Awesile ndi za bungwe la British and Foreign School Society zinkayenderedwa ndi anthu osakhala abusa. Gawo limeneli ndilo linagwera Arnold, ndipo popeza sukulu zoterezi zinali zomwazikana apa ndi apo, dera lake loyamba linali lalikulu modabwitsa, kuchokera ku Wales, kudutsa chigawo chapakati cha England, mpaka cha kum'mawa.

Nanga anailowa bwanji ntchitoyi? Apa mbiri siimukometsera. Arnold anabadwa pa 24 December 1822, mwana wa Thomas Arnold, mphunzitsi wamkulu wotchuka wa sukulu ya Rugby. Anaphunzira ku Oxford, ndipo mu 1847 anakhala mlembi wa Lord Lansdowne, nduna imene komiti ya maphunziro ija inali pansi pake. Anakonda mtsikana wina, Frances Lucy Wightman, mwana wa woweruza milandu wa khoti lalikulu, koma bambo wa mtsikanayo sanafune mkamwini wopanda ntchito yodalirika. Lansdowne anamupatsa udindo woyendera sukulu mu April 1851, ndipo ukwati unachitika mu June. Panalibe mayeso, panalibe kufunsidwa ngati akudziwa kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuwerenga. Umo ndi mmene oyendera ambiri a nthawi imeneyo ankapezekera: anthu a ku Oxford ndi Cambridge, odziwa Chilatini ndi Chigiriki, oikidwa pamwamba pa aphunzitsi amene anakulira m'maumphawi ofanana ndi a ana awo a sukulu.

M'zaka khumi zoyamba ntchitoyo inali motere. Woyendera ankafika pa sukulu kamodzi pachaka, naona nyumba, mpweya wa m'chipinda, mabuku, khalidwe la ana ndi kaphunzitsidwe, nafunsa kalasi yonse mafunso monga mmene afunira. Gawo lina lolemera linali la achinyamata ophunzira uphunzitsi ali pa sukulu pomwepo. Dongosolo limeneli linayamba mu 1846: mwana wanzeru wa zaka 13 ankapatsidwa kwa mphunzitsi wamkulu kwa zaka zisanu, masana akuphunzitsa ana ang'onoang'ono, iye naphunzitsidwa kunja kwa nthawi ya sukulu, ndipo chaka chilichonse woyendera ankamuyesa. Malipiro a wachinyamatayo ndi tsogolo lake zinkadalira siginecha ya mlendo ameneyu. Arnold anadandaula mu lipoti lake la 1852 kuti achinyamatawa ankadziwa mitu yambiri ya galamala, mbiri ndi masamu, koma akapatsidwa ndime yachidule kuti aifotokoze m'mawu awoawo ankasowa pogwira. Dandaulo limeneli anakhala nalo moyo wake wonse. Makalata amene ankalembera mkazi wake akuonetsa munthu wotopa, wogona m'nyumba za alendo, wodya kabanzi mothamanga ana akumuyang'ana. Koma ndi m'zaka zomwezo pamene anasankhidwa, mu 1857, kukhala pulofesa wa ndakatulo ku Oxford, udindo umene anausunga zaka khumi osasiya kuyendera sukulu.

Mu 1859 boma linamutuma ku France, Netherlands ndi Switzerland kuti akaone mmene sukulu za anthu wamba zinkayendera kumeneko. Anabwerako ali wotsimikiza kuti boma lisamachite manyazi kuyendetsa maphunziro, pakuti ku France lamulo la Guizot la 1833 linkakakamiza dera lililonse kukhala ndi sukulu. Pa ulendo womwewo anafika ku Sorèze, kumene wansembe wa chipani cha Dominiko woyera, Henri Lacordaire, ankayendetsa sukulu ya anyamata, ndipo anailemba sukuluyo mwaulemu waukulu ngakhale iye sanali Mkatolika.

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Ndalama zimene boma linkaononga pa sukulu zinakwera chaka ndi chaka mpaka kufika pa mapaundi 813,441 mu 1861, pa nthawi imene dziko linali likumvabe ululu wa ndalama za nkhondo ya ku Crimea. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Duke wa ku Newcastle linanena mu 1861 kuti ana ambiri, makamaka ang'onoang'ono, ankachoka pa sukulu asanadziwe bwino kuwerenga, chifukwa aphunzitsi ankalimbikira ana ochepa anzeru a m'makalasi apamwamba, omwenso oyendera ankakonda kuwafunsa. Robert Lowe, amene ankayankhira za maphunziro m'Nyumba ya Malamulo, anabweretsa malamulo atsopano otchedwa Revised Code mu 1862. Anauza aphungu poyera kuti njira yakeyo ikapanda kukhala yotsika mtengo ikhala yogwira ntchito, ndipo ikapanda kugwira ntchito ikhala yotsika mtengo.

Masamu ake anali awa. Sukulu inkalandira masheleni 4 pa mwana aliyense molingana ndi chiwerengero cha obwera tsiku ndi tsiku, ndiponso masheleni 8 pa mwana aliyense woposa zaka zisanu ndi chimodzi amene wakhoza mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera. Mwana akalephera phunziro limodzi, sukulu inkataya masheleni 2 ndi mapeni 8. Ana anagawidwa m'magulu asanu ndi limodzi otchedwa Standard, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera dzina la "Sitandade" limene ife tinakulira nalo. Ndalama zinkapita kwa eni sukulu, amene kawirikawiri ankamangirira malipiro a mphunzitsi pa zotsatirazo. Mwachidule, mwana wachibwibwi kapena wamantha pa tsiku limodzi lokha la pachaka ankatha kuchepetsa chakudya cha m'nyumba mwa mphunzitsi wake.

Arnold, wantchito wa boma wokhala ndi mkazi ndi ana oti awadyetse, analemba nkhani yotsutsa malamulowa mu magazini ya Fraser's mu March 1862. Dzina lake silinasindikizidwe, koma sanabise kuti wolemba anali iye, ndipo ankadziwa kuti akhoza kuchotsedwa ntchito. Sanachotsedwe, koma malamulowo anadutsa, ndipo iye yemweyo anayenera kuwatsatira kwa zaka zoposa 20 zotsatira, kuyesa ana mmodzimmodzi ndi kudinda zizindikiro m'mafomu. Chimene anali nacho chinali lipoti la pachaka, ndipo analigwiritsa ntchito mosatopa. Atabwerako ku ulendo wake wachiwiri wa ku Ulaya wa 1865, analemba mu lipoti la 1867 kuti anapeza sukulu za kwawo zitazilala, aphunzitsi ndi ana atataya chidwi. Anafotokoza mmene mwana ankathera kukhoza mayeso a kuwerenga chikhalirecho sadziwa kuwerenga: buku limodzi laling'ono linkabwerezedwa chaka chathunthu mpaka mwanayo kuliloweza pamtima. Mbiri, za malo ndi galamala zinafota chifukwa poyamba sizinkabweretsa ndalama. Mbiri ya nthawiyo imasimbanso za ana odwala amene ankanyamulidwa kupita nawo kusukulu pa tsiku la woyendera kuti ndalama zisatayike. Ndipo ndalama za boma zinatsikadi, kufika pa mapaundi 636,806 mu 1865. Lonjezo la kutsika mtengo linakwaniritsidwa.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Kay-Shuttleworth ankafuna mlendo wotereyo, woona zimene eni khomo azizolowera. Malamulo a 1862 anasandutsa mlendoyo kukhala wowerengera ndalama, woti ana amuope ndipo mphunzitsi amubisire chilichonse chopunduka. Komabe sindifuna kuti tipachike Lowe popanda kumumvera. Vuto limene ankalimbana nalo linali lenileni: mwana wosachedwa kugwira zinthu ankakondedwa, wochedwa nasiyidwa kumbuyo kwa chipinda, ndipo lipoti la woyendera lokamba za "mzimu wabwino wa pa sukulu" silinkamuona mwana wotsalirayo. Njira ya Lowe inakakamiza mphunzitsi kuyang'ana mwana aliyense. Pa mfundo imeneyi ndiona kuti Arnold sanapereke yankho lokwanira. Iye ankadziwa bwino chimene mayeso ankapha, koma za mmene boma lingatsimikizire kuti mwana wa m'kona uja waphunzira, mawu ake anali ochepa. Lowe mwini anatula pansi udindo mu 1864, aphungu atamuneneza kuti ofesi yake inkadula malipoti a oyendera asanasindikizidwe. Komiti yofufuza inamupeza wosalakwa, koma nkhaniyo inaonetsa kuti ufulu wa woyendera wonena zimene waona unali chinthu chomenyedwera nkhondo.

Chimene Arnold ankafuna m'malo mwa kuloweza kopanda tanthauzo chingakudabwitseni, pakuti nayenso ankafuna kuloweza, koma kwa zinthu zoyenera kusungidwa mumtima. Analimbikira kuti ana aziphunzira ndakatulo zabwino pamtima ndi kumvetsa tanthauzo la liwu lililonse. Mu 1872 anasindikiza kabuku ka ana a sukulu kokhala ndi mitu 40 mpaka 66 ya mneneri Yesaya. M'lipoti la chaka chomwecho anapereka maganizo oti ana a m'makalasi apamwamba alawe Chilatini, osati kudzera mwa olemba akale a ku Roma, koma kudzera m'Baibulo la Vulgata. Ife amene tinalimbana ndi Chilatini kuseminale tikhoza kumwetulira poganizira mwana wa m'misewu ya London akuchita zomwezo, koma ganizo lake linali lakuti mwana wa wosauka asapatsidwe nyenyeswa zokha.

Moyo wa pakhomo sunamuchitire chifundo. Mu 1868 anataya ana aamuna awiri, Basil wakhanda ndi Thomas wa zaka 16, ndipo mu 1872 anatayanso wachitatu wa zaka 18. Anayesapo kufunsira ntchito zina, kuphatikizapo yosunga mabuku ku Nyumba ya Malamulo, koma sanapatsidwe. Lamulo la maphunziro la 1870, limene anatsogolera ndi mlamu wake W. E. Forster, linathetsa kuyendera sukulu motsata mipingo, ndipo Arnold anapatsidwa dera limodzi la Westminster, maulendo ataliatali aja natha. Kukwezedwa kunachedwa: anakhala mmodzi wa akuluakulu a oyendera sukulu mu 1884, atagwira ntchito zaka 33. Aphunzitsi ankamudziwa ngati woyendera waulemu ndi wofatsa, ngakhale ena ankaona kuti sankalowerera kwambiri m'zing'onozing'ono za kaphunzitsidwe.

Anapuma pa ntchito mu 1886, malamulo olipira motsata zotsatira za mayeso akadalipo. Anathetsedwa pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1890, iye atafa kale. Aphunzitsi a ku Westminster atasonkhana kuti atsazikane naye, Arnold anawauza poyera kuti sanasankhe ntchitoyo chifukwa choikonda, koma kuti akwatire mayi amene anali m'chipindamo madzulo amenewo, ndiponso kuti poyamba inkamutopetsa zedi. Pa 15 April 1888 anali ku Liverpool kukachingamira mwana wake Lucy amene ankachokera ku America. Akuthamangira galimoto ya panjanji ya m'tauni, mtima wake unaima, ali ndi zaka 65. Chaka chotsatira malipoti ake a pachaka, a kuyambira 1852 mpaka 1882, anasonkhanitsidwa nasindikizidwa m'buku limodzi.