Zilembo za Chicago zinayambira m'kope la timabokosi

Mu 1982, Susan Kare anali kalikiliki kuwotcherera chifanizo chachitsulo cha nguluwe pamene mnzake wa kusekondale, Andy Hertzfeld, anamuimbira foni. Hertzfeld ankagwira ntchito ku Apple ku California, m'kagulu kamene kankapanga kompyuta yatsopano ya Macintosh, ndipo ankafuna munthu wojambula tizithunzi ndi zilembo zoti zizioneka pa sikirini. Mayiyu anali ndi digiri ya PhD ya zaluso ya ku New York University, koma za makompyuta sankazidziwa n'komwe.

Anapita kusitolo ina ku Palo Alto n'kugula kope la timabokosi, lofanana ndi lija ana amalembamo masamu. Kabokosi kalikonse kankaimira kadontho kamodzi ka pa sikirini, kamene akatswiri amati pixel. Kadonthoko kamakhala kakuda kapena koyera basi, palibe zapakatikati. Kwa Kare zimenezi sizinali zachilendo kwenikweni, chifukwa mayi ake anamuphunzitsa kupeta nsalu mochita kuwerenga ulusi. Aliyense amene anatungapo mikanda kuti patuluke dzina pa chibangili akuidziwa ntchito yake: ukaphonya mkanda umodzi, chilembo chonse chimapindika.

Macintosh inatuluka pa 24 Januwale 1984. Sikirini yake inali ya mainchesi 9, yokhala ndi timadontho 512 m'litali ndi 342 m'lifupi. Pamalo ochepa chonchi, chilembo chimodzi chinkapatsidwa timadontho towerengeka, ndipo mzere uliwonse wopendekeka unkaoneka ngati mano a sowo. Kare anathana nalo vutoli pomamatira mizere yoima, yopingasa ndi yopendekeka madigiri 45, popeza imeneyi ndi imene imatuluka yoyera pa timabokosi. Mizere yoima anaipatsa timadontho tiwiri m'malo mwa kamodzi. Panali chifukwa chake. Lamulo lina pa menyu likakhala kuti silingagwire ntchito pa nthawiyo, kompyuta inkalichititsa kuzimiririka pofufuta theka la timadontho take, ndiye chilembo chowonda chikanasoweratu. Chonenepa chija chinkawerengekabe.

Chinanso n'chakuti makompyuta ambiri a nthawi imeneyo ankapatsa chilembo chilichonse malo ofanana, monga zimakhalira pa taipilaita, moti i ankasowa mnzake pabwalo lalikulu pamene m ankapanikizika. Pa Macintosh, chilembo chilichonse chinapeza malo olingana ndi thupi lake, ngati m'buku losindikizidwa.

Dzina la zilembozi linavuta pang'ono. Poyamba Kare ankazitcha Elefont, ndipo iye ndi Hertzfeld ankapatsa mitundu ya zilembo mayina a masiteshoni a sitima a kwawo, kufupi ndi Philadelphia, monga Overbrook, Merion, Ardmore ndi Rosemont. Steve Jobs, mkulu wa ku Apple, atamva, sanakane zotchula malo, koma anafuna mizinda yodziwika padziko lonse. Apo ndi pamene Elefont inasanduka Chicago, ndipo panabweranso Geneva, Monaco ndi New York.

Chicago inalamulira mamenyu a Macintosh zaka 13. Mu 1991 akatswiri a zilembo Charles Bigelow ndi Kris Holmes anaijambulanso ndi mizere yosalala kuti izitha kukula kapena kuchepa popanda mano a sowo aja, ndipo mu 1997, pulogalamu yatsopano yoyendetsa Macintosh ya Mac OS 8 itabwera, malo ake anatengedwa ndi zilembo za Charcoal. Ambiri ankati yapita. Koma mu Okutobala 2001 Apple inatulutsa iPod, kachipangizo komvetsera nyimbo kokhala ndi sikirini ya timadontho 160 ndi 128 tokha. Vuto lakale lija linabwereranso, ndipo anakafukula zilembo zomwe zija za 1984.

Kuno kwathu ambiri sanaigwirepo Macintosh yoyambayo, koma zilembo za timadontho anazidziwira pa Nokia 3310, imene sikirini yake inali ya timadontho 84 ndi 48, polemba mauthenga kapena posewera Snake.

Lero masikirini a mafoni ali ndi timadontho tating'ono kwambiri moti diso silingatione, komabe zilembo za makonamakona zabwerera pa malaya, pa zikwangwani za madansi, pa zikuto za nyimbo ndi m'magemu monga Minecraft. Mtundu umodzi wotchuka ndi Press Start 2P, umene unatengera zilembo za magemu a kampani ya Namco a m'ma 1980, chilichonse chokwana m'bokosi la timadontho 8 ndi 8, ndipo umapezeka mwaulere pa Google Fonts. Umakoma pa mutu wa nkhani kapena pa dzina la malonda. Wina akaulembera ndime yathunthu, owerenga amatopa asanafike pakati, ndipo akaukulitsa ndi nambala yosagawika ndi 8, m'mphepete mwa zilembo mumachita chimbuuzi.

Choseketsa n'chakuti Kare ankalimbana ndi kubisa timadonthoto kuti anthu aziwerenga osationa, pamene ojambula a lero amatikulitsa dala kuti aliyense atione. Makope ake a timabokosi aja analowa m'nyumba yosungiramo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York mu 2015.