Zithunzi za Akacisi a ku Egypt, ndi Miyala ya Kwathu

Ife amene tinaphunzira ku mishoni tinamva mbiri ya Farao ndi dziko la Aigupto, limene Azungu alicha Egypt, tisanaone cithunzi cace ndi cimodzi comwe. Koma dzikolo linajambulidwa kalekale, makina ojambulira ali cinthu cacilendo ngakhale kwa Azungu.

M'caka ca 1849 Mfalansa wina, dzina lace Maxime Du Camp, anafika ku Egypt ndi bokosi lace lojambulira, nakwera mtsinje wa Nile pa ngalawa. Ku Abu Simbel, kumene mfumu Ramesses II inasemetsa kacisi m'phiri, anapeza mafano akulu a pakhomo ali okwiririka mu mcenga. Kuti anthu azindikire kukula kwa miyalayo, iye ankaimika wopalasa ngalawa pambali pace, ndipo m'cithunzi munthuyo aoneka ngati kanyerere. Buku lace la zithunzi 125 linaturuka mu 1852.

Mu 1856 kunadza Mngelezi, Francis Frith. Iye ankajambula pa galasi lopakidwa mankhwala, ndipo cithunzi cinayenera kutsukidwa galasilo lisanaume. Cifukwa cace anayenda ndi kanyumba kamdima m'cipululu, m'mene munatentha kotero kuti mankhwala ankawira.

Nchito yao inaoneka phindu lace patapita zaka 100. Pomanga dziwe lalikuru la Aswan, madzi akadamiza kacisi wa Abu Simbel. Kuyambira 1964 kufikira 1968 anamuceka m'zidutswa, namkweza pamtunda mamita 65. Malo ace akale ali pansi pa madzi, ndipo wofuna kuwaona lero ayenera kuyang'ana m'zithunzi.

Ife tilibe akacisi otere, koma tili nazo mphanga. Ku Makwe ndi ku Mkoma, m'dziko la Katete, kuli zolemba pa miyala. Zofiira ndizo zakale koposa, ndipo akulu amati nza Akafula. Zoyera zambiri nza makolo athu Acewa, za cinamwali ndi nyau. David Phillipson anakumba ku Makwe, nalemba zimene anapeza m'buku la mu 1976.

Zolemba zotere zifufutika ndi mvula, ndi utsi wa moto wa abusa, ndi makala a anyamata olemba maina ao. Inu a m'tauni amene muli ndi kamera, popita kumudzi pemphani cilolezo kwa amfumu, mukajambule, mulembenso dzina la phiri ndi caka. Musakhudze mwalawo kapena kuuthira madzi kuti uoneke bwino, pakuti ndiko kuononga kumene.